Mpunga Umene Sunkafika kwa Khamsene

Chimene chinandidzutsa chinali kulira kwa injini ya ndege. Kunkamveka chapansipansi, n'kuduka, n'kuyambiranso pomwe paja. Ndinafungatira mwana wanga Namfon ndisanadziwe n'komwe chimene ndikuopa, pakuti kuno kumudzi kwathu ku Nasom ndege sizidutsa usiku. Nditatchera khutu ndinazindikira kuti phokosolo likuchokera kuseri kwa matabwa, kuchipinda kwa agogo anga a Bouakham. Anali atatenga foni yakale ya mwamuna wanga, ndipo ankabwereza kachigawo kamodzi ka kanema amene tinaonera kusukulu masiku apitawo. Sindinawaitane, komanso tulo sindinationenso mpaka tambala analira.

Agogowa ndiwo anandilera, chifukwa amayi anamwalira ndili wamng'ono. Ndi munthu wamfupi, wosalankhulalankhula, ndipo moyo wawo wonse akhala akuwomba nsalu pansi pa nyumba yathu, pakati pa mizati pamene abakha amabisala dzuwa. Nsalu zimenezo ndizo zinandifikitsa ku sekondale, ngakhale ndinalekeza panjira. Mbiri yawo mudzi wonse unkaidziwa. Nkhondo itakula, anthu a kuno kumapiri anasamutsidwa kupita kuchigwa, kufupi ndi mzinda wa Vientiane. Agogo anapita ali mtsikana, nabwerera nkhondo itatha ali ndi mwana kumsana, amene ndi amayi anga. Bambo wa mwanayo, iwo anatero, anali Thongsouk, wopalasa bwato pa mtsinje wa Mekong, ndipo anamira. Palibe anafunsa zambiri. Masiku amenewo nyumba iliyonse inali ndi wake amene sanabwerere.

Mvula ikamapita kumapeto timadyetsa akufa. Banja lililonse limaphika, n'kunyamula dengu kupita nalo kukachisi, n'kuuza mmonke wamkulu dzina la munthu wawo. Mmonkeyo amalitchula pa chimkuzamawu, mudzi wonse n'kumva, kuti chakudyacho chikafike kwa mwini wake. Dengu la agogo linkaposa onse chaka chilichonse: mpunga wonata, nkhuku yowotcha, nsomba yowamba, tsabola wosinja, ngakhale fodya wopichira kale. Amayi anzawo ankawaseka kuti a Thongsouk ngati ali ndi bwato kumeneko ndiye lamiranso ndi kunenepa. Agogo ankangomwetulira n'kukonzakonza masamba a nthochi pamwamba pa dengu.

Nthaka yathu ikali ndi timabomba tangati malalanje aang'ono, timene timati bombi. Mwana wa kuno amaphunzira zimenezi asanadziwe kuwerenga: khasu salimenya mwamphamvu, kachitsulo kozungulira satola, moto sakoleza pamalo pamene sipanayakepo moto. Mkulu wake wa mwamuna wanga, Khamdeng, anaiwala lamulo lomalizali m'mawa wina wozizira m'mphepete mwa munda. Apongozi anga, mayi Pheng, anali poteropo akumweta udzu. Iwo anatsala ndi khutu limodzi logontha, ndipo mwana wawo anamutolera m'nsalu. Ndi chifukwa chake Outhai, mwamuna wanga, analowa gulu lofukula mabomba. Amakhala kumisasa sabata yonse, kubwera Loweruka kunyumba kwathu kumene ali mkamwini. Ine chiyambire Namfon kukwawa, sindimuika pansi pena paliponse koma pamphasa, ndipo akatola kamwala mtima umandithawa.

Chinthu chimodzi ndinkachiona kwa agogo kuyambira ubwana wanga. Anthu akayamba kutukwana ndege ndi eni ake, monga zimakhalira pamaliro kapena pamowa, iwo ankanyamuka kukapatsa abakha madeya. Ndinkayesa kuti nkhani za nkhondo zinawatopetsa basi.

Kanema uja anabwera ndi gulu la Outhai. Anamuonetsa masana m'kalasi yaikulu ya kusukulu, mazenera atatchingidwa ndi mabulangete. Mtsogoleri wawo anafotokoza kuti zithunzizo zinajambulidwa nthawi ya nkhondo, zinagona zaka zambiri m'nyumba yosungiramo katundu kutsidya kwa nyanja mpaka kuchita nkhungu, ndiye anthu ena anazitsuka chimodzichimodzi n'kubwezeretsa mitundu yake. Mawu a anthu munalibemo. Kulira kwa injini anachita kuikamo pambuyo pake, choncho anyamatawo ankangoyendetsa milomo.

Ndinali nditaonapo zithunzi za nkhondo, zakuda zosaoneka bwino, koma izi zinali ngati zajambulidwa dzulo. Thukuta linkaoneka pakhosi pa munthu. Poyamba anali azungu, anyamata okhaokha, akukwera m'ndege zawo zikuluzikulu, akukankhana, wina akudya nthochi. Anthu anayamba kuwalankhula ngati akumva.

"Iwe wa chipewa," anatero mkulu wina wa mwendo umodzi amene anakhala kutsogolo, "ubwere udzatenge mazira ako, akali m'munda mwangamu."

Anthu anaseka. Mayi wina anati taonani mano kuyera, ana odya nyama ya m'chitini. Wina kumbuyo anafunsa mnyamata wa pachinsalu ngati amake akudziwa kuti ali kuno. Ngakhale apongozi anga, amene anakhala pambali panga atanyamula Namfon pamiyendo, anaseka pang'ono.

Kenaka kunabwera ndege zing'onozing'ono za injini imodzi, mabomba atapachikidwa kunsi kwa mapiko, ndipo amene anaima pambali pake sanali azungu. Anali anyamata akwathu, a nkhope ngati za azichimwene athu, ulusi woyera uli m'mikono monga timamangirana munthu akamapita paulendo. Kuseka kunatha. Panaoneka mmodzi atakhala pansi mumthunzi wa phiko, akudya mpunga m'kadengu. Anali woonda, wa makutu otuluka m'mbali. Atazindikira kuti akumujambula anachita manyazi, anapukuta zala pabuluku, n'kuphatikiza manja pachifuwa, kuweramitsa mutu monga timalonjerana.

Agogo anali kumanzere kwanga. Ndinaona manja awo akukwera, ataphatikizana, mpaka kufika pamphuno, mutu n'kuwerama. Anayankha moniwo. M'kalasi yonse ija anayankha okha. Sizinatenge nthawi, manja anabwerera pamiyendo, koma nditacheukira kumanja ndinapeza apongozi akuwayang'ana. Nthawi yomweyo mtsogoleri uja anawerenga mawu olembedwa m'munsi mwa chithunzi, kuti mnyamatayo dzina lake ndi Khamsene, ndipo ananyamuka tsiku lina osabwereranso. Apongozi anayang'ana pachinsalu, anayang'ana agogo, kenaka anaweramira Namfon n'kumugwira khutu ndi zala ziwiri. Makutu a mwana wanga aliyense amawaseka kuti adzauluka nawo.

Potuluka anandipatsa mwana n'kunena kuti agogo anga ndi aulemu kwambiri, amalonjera ngakhale chinsalu. Kuchokera tsiku limenelo sanabwerenso m'mawa kudzaona mdzukulu wawo monga ankachitira.

Ndiye kutacha, utapita usiku uja wa kulira kwa injini, ndinatsikira pansi pa nyumba. Agogo anali atakhala pa chowombera nsalu koma manja ali chete. Ndinayala mphasa, kukhazika Namfon, n'kufunsa kuti Khamsene ndi ndani.

"Agogo ako aamuna," anatero osanditembenukira.

Zina zonse anandiuza pang'onopang'ono, akulumikiza ulusi umene sunaduke. Kuchigwa kuja ankagulitsa mpunga ndi nkhuku yowotcha pampanda wa bwalo la ndege. Khamsene anali mwana wa mphunzitsi wa kum'mwera, ndipo analowa usilikali chifukwa ankafuna kuuluka. Fungo la mafuta a ndege linkamuchititsa nseru, choncho asananyamuke sankadya, koma akatera ankabwera pampanda ndi njala ya anthu awiri. Anakwatirana popanda mwambo waukulu, makolo onse ali kutali. M'mawa uliwonse agogo ankamumanga ulusi woyera pamkono. Tsiku lina anamufunsa ngati anaponyapo mabomba pa Nasom. Iye anayankha kuti kumwamba midzi yonse imafanana, ndiponso kuti ku Nasom kunalibenso munthu. Sanamufunsenso. Khamsene ananyamuka m'mawa wina agogo ali ndi pakati, ndipo madzulo ake mnzake anabweretsa nsapato zake ndi kawailesi. Mtembo sunaoneke, maliro sanachitike.

Agogo atabwerera kumudzi anapeza maenje okhaokha pamene panali nyumba. Pa kudyetsa akufa koyamba, m'kachisi wa nsungwi amene anthu anamanga mwachangu, mmonke anawafunsa dzina. Pambali pawo panali amayi amene ana awo anapsera m'maenje obisalamo, ndipo anthu a boma latsopano anali akuyenda nyumba ndi nyumba kufunsa mbiri ya aliyense. Maina a oyendetsa ndege ankadziwika. Pakamwa pawo panatuluka dzina la mwamuna wina amene anawaolotsapo mtsinje kamodzi.

"Mwina a Thongsouk enieniwo akali moyo," anatero agogo, n'kuseka kaseko kosakoma. "Zaka zonsezi akudya za eni."

Ndinawafunsa chimene akufuna pa foni paja usiku wonse. Anati nkhope yake anali ataiiwala. Anayesetsa kuisunga, koma inkafufutika chaka ndi chaka mpaka kutsala makutu okha, ndipo nthawi zina popemphera ankapezeka akuona nkhope ya wa bwato uja. Tsopano amuona, ndipo anali wakuda kuposa mmene amuonetsera.

"Koma waonda, Dokkeo. Wamuona mmene waondera?"

Ndinawakumbutsa kuti chithunzicho anajambula iye akali moyo. Anati akudziwa, si amisala. Koma munthu amene anafera m'mwamba, wopanda manda, wopanda maliro, amene dzina lake silinatchulidwepo m'kachisi ngakhale kamodzi, akudya chiyani kumene aliko? Chaka chino, anatero, mmonke atchula Khamsene.

Dzinalo mudzi wonse unali utalimva m'kalasi muja. Ndinawagwadira, ine amene sindinawatsutsepo chiyambire. Ndinati alitchule mumtima pothira madzi pansi monga timachitira popempherera akufa, palibe angamve. Anati akhala akunong'ona zaka makumi asanu, koma dengu limatsata dzina limene mmonke wanena. Ndinati aganizire Namfon, amene adzapita kusukulu limodzi ndi ana a anthu oduka manja, n'kumatchedwa mdzukulu wa woponya mabomba. Ndinati adikire mwanayu akuleko.

"Ndinadikira amako akule," anatero. "Kenaka ndinadikira iwe. M'nyumba muno simudzasowa mwana woti akule, koma ine ndatha."

Loweruka Outhai anafika mochedwa, dzuwa litapendeka. Ndinamuona ali patali akutuluka m'nyumba ya amayi ake, chikwama chikali kumsana, chinthu chimene sanachitepo. Nthawi zonse amayamba kwathu, kusamba, kenaka kukawaona. Anakhala pamakwerero n'kumasula chingwe cha jombo imodzi, inayo osaigwira. Ndinamupatsa madzi, anamwa, n'kundiuza kuti amayi ake amufotokozera zimene anaona. Anafunsa ngati ndi zoona. Ndinavomera.

Kenaka anati iye bomba akalipeza safunsa kuti analiponya ndani, amangofukula mozungulira ndi manja n'kuitana anzake. Anati mwina limene linatenga Khamdeng linagwa m'ndege ya azungu, pakuti ambiri ndi awo, koma zimenezo kwa amayi ake sizilowa. Uthenga wawo unali wakuti sauza munthu aliyense, chifukwa Namfon ndi magazi awonso. Zikhale monga zakhalira. Koma dzina la munthu ameneyo likadzamveka pa chimkuzamawu chimene chimatchula Khamdeng, tsiku lomwelo mwana wawo abwerere kunyumba kwawo, ndipo sadzapondanso pakhomo pathu.

Ndinamufunsa kuti nanga iye akuti chiyani.

"Amake Namfon, ndinatsala ndekha," anatero. "Ukufuna ndiwasiye ndi ndani?"

Ananyamula mwana, kumununkhiza patsaya, n'kundibwezera. Anamanganso chingwe cha jombo n'kunena kuti amayi ake sakupeza bwino, akagona komweko. Nyumba yathu ndi ya matabwa olekanalekana, ndipo agogo anali kunsi kwake pomwepo. Palibe chimene sanamve.

Masiku otsatira sanawombe nsalu. Ankadzuka, kupereka mpunga kwa amonke pamsewu, kubwera n'kukhala. Ine ndinkawayang'anira ngati mmene ndimayang'anira Namfon. Akatuluka pachipata ndinkafunsa kumene akupita. Ndikawaona akulowera kukachisi ndinkabereka mwana n'kuwatsatira chapatali, kuopa kuti akalankhula ndi mmonke. Foni ija ndinaibisa m'thumba la mpunga, ndipo iwo sanaifunse. Amayi a m'mudzi anali atayamba kale kuyanika masamba a nthochi ndi kusankha nkhuku, ndipo wina anakuwira agogo ali pamsewu kuti a Thongsouk chaka chino adya chiyani. Agogo anayankha kuti sanaganize.

Kunena zoona ndinawakwiyira. Ndinkagona ndekha ndi mwana, ndikuganiza za munthu amene sindinamuonepo, amene anadya mpunga pansi pa phiko n'kunyamuka kukadzala m'minda zinthu zimene mwamuna wanga amafukula atagwada. Koma ndikatseka maso ndinkaona mmene anapukutira zala pabuluku. Anali wamng'ono kuposa ine.

M'mawa wina agogo anavala siketi yawo yabwino, ija amavala pa maukwati, n'kutuluka opanda kanthu m'manja. Sanalowere kukachisi. Analunjika kwa apongozi. Ndinaima kuseri kwa nkhokwe ya aneba, pamene ndinkatha kuona koma osamva. Mayi Pheng anali pakhonde pamwamba. Agogo, amene ndi aakulu kwa iwo ndi zaka zambiri, sanakwere. Anakhala pa kwerero la m'munsi, dothi lili kumapazi, n'kumalankhula atayang'ana pansi. Apongozi anatembenuzira khutu lawo lakumva kumbali ina. Patapita nthawi analitembenuzira kwa agogo. Sanatsike, sanawapatse madzi, koma ndinaona akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, kenaka akugwedeza mutu kamodzi.

Agogo atabwera anandipeza ndafika kale, ndikunamizira kusankha mpunga. Anati ndisiye, mpungawo ndi wosankha kale, ndikhale pansi. Anatenga Namfon n'kumukhazika pamiyendo.

Anati dzinalo silimveka m'kachisi wa ku Nasom, ndipo Outhai abwera kunyumba Loweruka. Mtima wanga unatsika, ndinayamba kuwathokoza, koma anakweza dzanja kuti sanamalize. Kufupi ndi bwalo la ndege ku Vientiane kunali kachisi wina amene iwo ndi Khamsene ankapitako. Ngati alipobe apita kumeneko, ngati kulibe apeza wina wapafupi. Kumeneko palibe amene adzafunse kuti Khamsene anali ndani. Adzameta mutu, avale zoyera, azisesa pabwalo ndi kuphikira amonke monga amachitira amayi okalamba amene atopa ndi za pakhomo. Anthu a kuno tiwauze zomwezo, si bodza.

Ndinafunsa kuti abwera liti. Anati munthu amene wakhala ndi njala zaka zonsezi sakhuta ndi dengu limodzi, adzafunika kutchulidwa pa tsiku lopatulika lililonse. Ndipo akabwerera kuno adzayenera kunyamulanso dengu la wa bwato pamaso pa anthu, chimene sangathenso.

"Ndiye simubwera," ndinatero.

"Ukadzapeza mpata udzabwere naye mwanayu, ndidzaone ngati makutuwa akukulabe."

Ndinalira. Ndinati ine sindinakhalepo m'nyumba muno popanda iwo, Outhai amakhala kumisasa, nanga ndikapita kumunda mwana adzamuyang'ana ndani kuti asatole zinthu pansi. Anati zimenezo akambirana kale, mayi Pheng azibwera m'mawa uliwonse, ndipo palibe munthu m'mudzi muno amene amayang'ana pansi kuposa iwo. Nsalu imene ili pa chowombera ndiimalize ndekha, ulusi wake ulipo wokwanira m'dengu la pamtanda. Abakha awiri aakulu ndiwaphe, ndiwaotche, akufuna kunyamula.

Anati anyamuka Lachisanu pa basi ya m'mawa, Outhai asanafike, kuti akakhale ndi masiku ofunafuna kachisiyo ndi kuviika mpunga tsiku lodyetsa akufa lisanakwane.